Mwasowa ya kabaza, amayi?

Nsapato zothamangira ndinazigula mu Januwale chaka chatha, pa kaunjika wa mumsika wa Zomba. Zinali zotuwa, zidendene zake zisanadyeke n'komwe. Chimene chinandituma kumsikako ndi makina oyezera BP. Mutu unali utandiwawa kunkhongo kwa masabata awiri, ndiye ndinapita kuchipatala. Namwino anandimanga mkono, anayang'ana, anamasula, n'kumanganso kachiwiri. 162 pa 98.

Ndili ndi zaka 47. Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo kuyambira 7:30 m'mawa mpaka kuweruka ndimakhala pampando, maso pa kompyuta. Bambo anga anamwalira ndi sitiroko ali ndi zaka 61, titawaona kwa zaka 3 akulephera kunyamula kapu ya tiyi ndi dzanja lamanja. Choncho pamene adokotala ankanena za mchere, za mafuta ndi za masewero olimbitsa thupi, panalibe chondinyengerera. Ndinatuluka m'chipinda muja miyendo ili zii ndi mantha.

Manthawo anandiyendetsa masiku 9. Tsiku lakhumi kunacha ndi mvula. Lotsatira lake ndinagona mochedwa chifukwa cha malipoti a kumapeto kwa mwezi. Kenaka nsapato zija zinalowa kunsi kwa bedi, ndipo mutu utasiya kuwawa chifukwa cha mankhwala, nkhani yonse inazilala.

Anazitulutsa ndi mwana wa achemwali anga, amene amaphunzira za maganizo a anthu ku koleji. Anabwera kudzakhala nafe pa tchuthi cha Pasaka, ndipo tsiku lina akusesa m'chipinda anatuluka atazinyamula.

“Amayi aang'ono, nsapatozi zayamba nkhungu. Munasiya liti?”

Ndinamuyankha zimene ndinkakhulupirira nthawi imeneyo, kuti ndine waulesi basi. Iye anakana. Anati munthu amene amadzuka 5 koloko kuphikira ana, n'kukagwira ntchito tsiku lonse, n'kudzachapa madzulo, sangatchedwe waulesi. Vuto lili pena. Madzulo amenewo tikusadzula nyemba anandifotokozera zinthu zimene amaphunzira, ndipo pambuyo pake ananditumizira zowerenga pa WhatsApp. Zina ndinazimva, zina zinandipita pamwamba, zina ndinatsutsana nazo. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndinaziyesa ndi miyendo yanga.

Anayamba ndi nkhani ya ku America ya m'zaka za m'ma 1950. Kumeneko boma linkatumiza magalimoto okhala ndi makina a X-ray m'madera kuti anthu akayezetse chifuwa chachikulu mwaulere, koma ambiri sankabwera. Akatswiri a za maganizo monga Godfrey Hochbaum ndi Irwin Rosenstock anayamba kufufuza chifukwa chake. Anaona kuti munthu amasuntha akakhulupirira kuti matendawo angamugwire iyeyo, kuti ndi oopsa, kuti chimene akuuzidwacho chingamuthandize, komanso kuti zopinga zake sizikulemera kuposa phindu. Zitatu zoyambazo ndinali nazo zodzadza, manda a bambo anga ndinkawadziwa pamene ali. Chachinayicho ndi chimene ndinali ndisanachiyang'ane.

Ananenanso za James Prochaska ndi Carlo DiClemente, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anafufuza anthu osiya fodya. Iwo amati kusintha kumayenda m'masitepe: munthu amayamba osaganizako n'komwe, kenaka amaganizira, amakonzekera, amayamba kuchita, ndipo akapitirira miyezi 6 ndiye kuti walowa gawo losunga khalidwelo. Ine masitepewa ndimawaona ngati osalala kwambiri. Lolemba ndinkatha kukhala pa sitepe yachinayi, Lachitatu n'kubwerera pa yachiwiri, zonse m'sabata imodzi. Koma ndinatolapo chinthu chimodzi chimene chinandipepuza mtima: anthu ambiri amene anasiyadi fodya anayesa kangapo, ndipo kubwerera m'mbuyo ofufuzawo amakuwerengera ngati mbali ya ulendowo.

Tsono zopinga zanga zinali ziti? Nditakhala pansi n'kudzifunsa moona mtima, ndinapeza kuti mvula ija inali chonamizira. Chimene chinanditopetsa m'masiku 9 aja ndi maso a anthu.

Timakhala ku Matawale. Ndikatuluka m'mawa nditavala nsapato zija, anyamata a kabaza ankandiimikira mmodzi pambuyo pa mnzake. Ndikapukusa mutu, wina anafunsa mwachifundo chenicheni, “Mwasowa ya kabaza, amayi? Kwerani, mudzalipira mawa.” Mnzanga wa kuntchito anaimika galimoto n'kufunsa ngati ya kwathu yawonongeka. Mayi wina wa kutchalitchi anakauza amuna anga kuti anandiona ndikuyenda ndekhandekha m'bandakucha, kodi kunyumba kuli bwino? Onsewa ankandifunira zabwino. Kwathu kuno kuyenda pansi kumatanthauza kuti ulibe. Tinakula tikuyenda mitunda kupita kusukulu, kuchigayo, kumjigo, ndipo tinkalimbikira sukulu kuti tsiku lina tidzaleke kuyenda. Ndiye munthu wapantchito, wazaka zanga, kuyenda popanda kumene akupita, anthu amasowa pokuika.

Pali chinanso chozama kuposa ichi. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tinaika maliro ambiri a anthu amene anayamba ndi kuonda. Mpaka lero mawu oti “mwaondatu” sabwera okha, amabwera ndi maso ofunsa. Pamene “mwanenepa” ndi moni wosangalatsa, umboni woti banja likukusunga bwino. Apongozi anga aakazi akandiona ndanenepa amayamikira mwana wawo. Ndiye mumtima mwanga munali mawu awiri. Ena ankati yenda kuti usafe imfa ya bambo ako. Ena ankati ukaonda anthu anena chiyani, ndipo amuna ako awaona bwanji.

Nditamuuza mwana uja zimenezi, anati zili ndi dzina. Icek Ajzen, amene analemba za izi mu 1985 n'kuzikuzanso mu 1991, amati cholinga cha munthu chimakhala pa mafuwa atatu ngati mphika: mmene iye mwini amachionera chinthucho, mmene akuganizira kuti anthu ofunika kwa iye achionera, ndi kukhulupirira kuti kuchita kwake kuli m'manja mwake. Fuwa langa loyamba linali lolimba. Lachiwiri linali logumuka. Mphika sukhala pa fuwa limodzi. Ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti uphungu wa kuchipatala umaperewera. Amatiuza za mitsempha ya magazi, zoona ndithu, koma palibe amene amafunsa kuti, kodi mukatuluka pageti mukumana ndi ndani?

Ndinachita zinthu ziwiri zazing'ono. Ndinawauza apongozi ndekha, ndisanaonde ngakhale pang'ono, kuti adokotala andilamula kuyenda chifukwa cha BP. Iwonso amamwa mankhwala a shuga, ndiye anamvetsa msanga, ndipo anakhala ondiyankhira kwa achibale. Anyamata a kabaza ndinangowauza kuti, “Ndi za dokotala, achimwene.” Patatha sabata anasiya kuima. Masiku ano amangoimba belu n'kukweza dzanja.

Fuwa lachitatu linanditengera nthawi yaitali kulimvetsa, ndipo amene anandithandiza ndi Albert Bandura, katswiri wobadwira ku Canada amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Stanford. Mu 1977 analemba za chimene anachitcha self-efficacy, kukhulupirira kwa munthu kuti ntchito yakutiyakuti angaithe. Si kudzidalira pa zonse ayi. Ine ndimadzidalira pa mabuku a ndalama, koma pa nkhani ya thupi langa ndinalibe chikhulupiriro n'chimodzi chomwe. Bandura ankathandiza anthu oopa njoka. Sankawauza kuti limbani mtima. Ankayamba ndi kuwaonetsa njokayo ili patali, wina akuigwira. Kenaka ankayandikira pang'ono, kenaka kuikhudza atavala magolovesi, mpaka ena ankafika poiika pamiyendo. Sitepe iliyonse inali yaing'ono moti munthuyo ankaitha, ndipo kuitha kumeneko ndi kumene kunkabala mphamvu ya sitepe yotsatira. Iye anati chikhulupirirochi chimachokera ku zinthu zinayi: kupambana kwako wekha, kuona wofanana nawe akutha, mawu olimbikitsa, ndi mmene umamasulira zimene thupi likukuuza. Champhamvu kwambiri ndi choyambacho.

Nditawerenga izi ndinaona chimene ndinalakwitsa mu Januwale. Ndinayamba ndi kuthamanga, chifukwa m'mutu mwanga masewero enieni ndi othamanga. Munthu amene sanathamange chichokereni ku sekondale. Tsiku lililonse ndinkabwera ndili wefuwefu, mawondo akuwawa, ndisanakwanitse mtunda umene ndinadziikira. Ndiye kuti kwa masiku 9 ndinkadziphunzitsa m'mawa uliwonse kuti sindingathe. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Chachinayi chija, cha kumasulira thupi, chinandikhudza kwambiri. Mtima ukayamba kugunda mwamphamvu pokwera kachitunda, ine ndinkamva ngati BP yakwera, ngati sitiroko ija yafika. Ndinkaima n'kugwira pachifuwa, mantha n'kuwonjezera kugundako. Ndinabwerera kuchipatala kukafunsa. Anandiuza kuti kugunda kofulumira poyenda ndi ntchito ya mtima wamoyo, n'kundiuzanso zizindikiro zimene ndiyenera kuima nazo n'kubwera msanga: kupweteka kapena kufinya pachifuwa, chizungulire, kubanika kosaleka ngakhale utapuma. Anandipatsanso muyezo wosavuta, woti liwiro loyenera ndi limene ungathe kuyankhula koma osatha kuimba. Kugunda kwake ndi komwe kuja, koma kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukumva ngati uthenga wa imfa. Ngati muli ndi BP kapena shuga, funso limeneli kafunseni musanayambe.

Ofufuza ena, monga Panteleimon Ekkekakis, anaonetsa kuti munthu akapyola malire amene kupuma kumayamba kuvuta, kukoma kwa masewero kumatsika pafupifupi kwa aliyense. Ndipo munthu sabwerera kawirikawiri ku chinthu chimene chinamuzunza dzulo. Izi sindinafunike kuzitsimikizira m'buku.

Mu Meyi ndinayambiranso ndi mphindi 10. Zisanu kupita, zisanu kubwerera. Ndinkachita manyazi ndi kuchepa kwake, koma mwana uja anandiletsa kuwonjezera kwa masabata awiri. Ndinkabwera kunyumba ndikumva kuti ndikadatha kupitiriza, ndipo kumva kumeneko n'kumene kunkanditulutsa mawa lake.

Chinthu china chimene anandikakamiza, ndipo poyamba ndinachiona ngati chachibwana, ndi kulemba chiganizo chimodzi papepala. Peter Gollwitzer, katswiri wa ku Germany, anaonetsa kuti pali kusiyana pakati pa “ndikufuna kumayenda” ndi “zakuti zikachitika, ndidzachita zakuti, pamalo akuti.” Mu 2002 Sarah Milne, Sheina Orbell ndi Paschal Sheeran anayesa zimenezi pa ophunzira 248 a ku Britain. Gulu lina linangolemba masewero amene likuchita. Lina linapatsidwa zowerenga za kuopsa kwa matenda a mtima ndi ubwino wa masewero. Lachitatu linawerenga zomwezo, koma linalembanso tsiku, nthawi ndi malo amene lidzachitire masewerowo. M'gulu loyamba 38 pa 100 alionse anachita masewero sabata imeneyo. M'gulu loopsezedwa lija anali 35. M'gulu lolemba tsiku ndi malo anali 91. Manambala awa ndinawayang'ana nthawi yaitali, mwina chifukwa manambala ndi ntchito yanga. Gulu lachiwiri lija ndinali ineyo mu Januwale, wodziwa zonse, woopa, wokhala pansi. Ndikudziwa kuti anawayeza kwa nthawi yochepa, ndipo anali achinyamata a ku yunivesite, osati mayi wa ana atatu. Komabe ndinalemba.

Chiganizo changa chinali ichi: “Ndikangotereka madzi osamba pambaula, ndivala nsapato ndi kupita mpaka pa mtengo wa mango wa pamphambano.” Madzi ndimatereka tsiku lililonse, ndi ntchito imene sindiiganizira. Ndipo madziwo amafuna nthawi kuti atenthe, nthawi imene kale ndinkaithera pa foni. Nsapato ndinazichotsa kunsi kwa bedi n'kuziika pafupi ndi thumba la makala. Phindu lake ndi loti m'mawa sindikhalanso ndi mlandu woti ndigamule. Kale ndinkadzuka n'kuyamba kudzifunsa, kodi lero ndipite kapena mawa, ndipo bulangete linkapambana. Tsopano mbaula ikayaka nkhani yatha.

Mu Juni, chisanu cha Zomba chitafika pachimake, aneba anga anandiimitsa pageti. Ndi mayi wopuma pantchito ya uphunzitsi, wondiposa zaka khumi ndi kuposerapo, wamkulu thupi kuposa ine. Anati akhala akundiona pawindo.

“Aneba, mawa mundigogodere. Nanenso anandiuza kalekale, koma ndekha ndinkachita manyazi.”

Ine ndinkadzitenga ngati wongoyamba, koma kwa iwo ndinali munthu wofanana nawo uja amene Bandura amanena. Nawonso anakhala wanga. Tsiku limene ndinawaona akukwera kachitunda ka kuseri kwa sukulu osaima, ndinadziwa kuti nanenso ndikakwera. Pang'onopang'ono mphindi zinafika 20, kenaka 35. Madzi aja ndinayamba kumawatereka pa moto wochepa.

Pali chimodzi chimene chinatsala pang'ono kundiwonongera zonse, ndipo chinabwera ngati chabwino. Mu Ogasiti anzanga a kuntchito tinagwirizana mpikisano wowerenga masitepe pa foni. Aliyense anasonkha ndalama, wopambana pa mwezi atenge zonse. Mwezi umenewo ndinayenda kuposa kale lonse. Ndinkazungulira nyumba usiku foni ili m'manja, ndinkawafulumizitsa aneba, ndinasiya kumva zimene akundiuza chifukwa maso anali pa nambala. Sindinapambane. Mpikisano utatha, m'mawa wa tsiku lotsatira ndinamva mumtima funso limene linali lisanabwerepo: ndiyendere chiyani?

Edward Deci anaona zomwezi kalekale. Mu kafukufuku amene anatuluka mu 1971, anapatsa ophunzira kamasewero kolumikiza tizidutswa kotchedwa Soma, kamene anthu ankakakonda paokha. Ena anawalipira dola imodzi akalumikiza bwino, kenaka malipirowo anawasiya. Atawasiya okha m'chipinda, olipidwa aja anachepetsa nthawi yosewera poyerekeza ndi pamene ankalandira ndalama, pamene osalipidwawo chidwi chawo sichinatsike. Mphoto inalanda malo a kukoma. Pambuyo pake Deci ndi Richard Ryan, ali ku yunivesite ya Rochester, anafotokoza kuti khalidwe limakhalitsa likamadyetsa njala zitatu za munthu: kumva kuti wasankha yekha, kumva kuti akutha, ndi kumva kuti ali pamodzi ndi ena. Amanenanso kuti chinthu chimene unayamba mokakamizidwa chingathe kulowa mkati pang'onopang'ono mpaka kukhala chako.

Mwa zonse zimene ndinawerenga, izi ndi zimene ndimazikhulupirira kwambiri, chifukwa ndinaziona zikuchitika mwa ine. Ndinayamba chifukwa adokotala anena. Kenaka ndinkayenda chifukwa ndikajomba ndinkadziimba mlandu. Chimene chinandibweza pambuyo pa mpikisano uja si BP, ndi kugogoda kwa aneba pageti, ndi nkhani imene tinaisiya pakati dzulo lake. Kenaka ndinazindikira kuti mphindi 35 zimenezi ndi zokhazo pa tsiku zimene palibe wondiitana kuti amayi, palibe wofuna siginecha, ndipo phiri la Zomba limakhala likuvula nkhungu ine ndikuona. Mpikisano wachiwiri nditauzidwa ndinakana mwaulemu.

Ndinenepo pang'ono za mayi anga kumudzi. Ali ndi zaka za m'ma 70, amalima okha dimba lawo, amatunga madzi, amapita kutchalitchi wapansi. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo limawerengera ntchito za kumunda, za pakhomo ndi kuyenda ulendo. Mayi anga amapyola muyezo umenewu Lachiwiri lisanathe, osafuna Bandura kapena Deci. Nzeru zonsezi zinapangidwira anthu amene moyo unawakhazika pampando, ndipo ife a m'tauni talowa m'gulu limenelo mofulumira kuposa mmene maganizo athu asinthira. Thupi lili mu ofesi, koma mutu ukadali kunena kuti kukhala pansi ndi madalitso.

Mu Novembala kunagwa maliro kwawo kwa amuna anga ndipo tinakhala kumudzi masiku 12. Titabwera, mvula inayamba. Mtima unandiuza zomwe unandiuza mu Januwale muja, kuti wadula kale, zatha. Chimene chinandigwira ndi kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London. Anatsatira anthu 96 kwa masabata 12, aliyense atasankha khalidwe latsopano loti azichita tsiku ndi tsiku. Nthawi yoti khalidwelo lifike pochitika lokha inasiyana kwambiri, kuyambira masiku 18 mpaka 254, ndipo pakatikati panali masiku 66. Nkhani yotchuka ija yoti khalidwe latsopano limakhazikika m'masiku 21 sinaoneke. Anapezanso kuti kujomba tsiku limodzi sikugwetsa zimene wamanga. Masiku 12 si tsiku limodzi, ndikudziwa, koma ndinaganiza kuti miyezi 6 ya m'mbuyomo sinasungunuke ndi mvula. Ndinalemba chiganizo chachiwiri pansi pa choyamba chija: “Kukagwa mvula m'mawa, ndidzatsika minibasi siteji imodzi ndisanafike pobwera kuntchito.” Ndinayambiranso ndi mphindi 15.

Mankhwala ndikumwabe, ndipo adokotala sananene zosiya. Ulendo wapitawu makina anaonetsa 134 pa 84. Sindingagawe kuti gawo la mapiritsi ndi liti, la mchere umene ndinachepetsa ndi liti, la miyendo ndi liti. Thupi silinaonde kwenikweni, siketi zokha ndi zimene zamasuka m'chiuno. Pali masabata amene ndimayenda masiku asanu, ena atatu okha.

Tsopano tilipo anayi. Anawonjezekera ndi mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi mphambano, amene amatiperekeza mafuta ake asanatenthe, ndi mtsikana wina amene anabereka chaka chatha. Sabata yatha aneba anayesa kuyambitsa nyimbo ya kwaya pa kachitunda kaja, ndipo anangotha mzere umodzi mpweya n'kuwathera. Ndinawauza kuti ndiye kuti liwiro lathu lili bwino. Nsapato zotuwa zija zang'ambika chala chakumanzere, ndipo Loweruka ndikazisiya kwa wosoka wa pansi pa mtengo kumsika.